Bwato Lija Likadali Chivundikire, a Jaji

Kwa Olemekezeka a Jaji atsopano a khoti la apilo,

Bwana, ndalemba kalatayi chogwada. Ndine Saulosi, msodzi wa kumunsi kwa Mtakataka, ngakhale usodziwo unangotsala dzina. Tsiku lomwe munalumbira, amayi kuno analulutira mpaka agalu kuthawa. Wailesi inati mwasankhidwa chifukwa simunagamulepo mlandu molakwika. Ine ndine mboni, bwana! Wanga simunaugamule n'komwe.

Mwina mwaiwala, poti akuluakulu mumaona nkhope zambiri. Muli majisitireti kwathu kuno, ine ndi a Yasini tinabwera pamaso panu tikulimbirana bwato. Mtengo unali wawo, wosema ndinali ine. Munavula magalasi n'kulamula kuti bwatolo livundikiridwe pamtunda, lisakhudze madzi kufikira chigamulo chanu. Chigamulo chisanapse, anakukwezani. Chikwerereni simunachewukenso.

Choyamba, ndithokoze m'malo mwa bwato. Lapuma mokwanira. Nkhuku za mudzi uno zaikira ndi kuswera pansi pake, ndipo zidzukulu zawo zikukupatsani moni.

Chachiwiri, munatiyanjanitsa. Majisitireti aliyense wobwera pambuyo panu amati mlandu womwe munaumva inuyo muugamule ndinu. Ndiye ine ndi mdani wanga tinkapita kukafunsa pa njinga imodzi, wina akatopa wina n'kupalasa. Tinazolowerana mpaka mwana wanga Abigail anakwatiwa ndi mwana wawo. Lero a Yasini ndi asewere anga. Ndi jaji uti wina anamangitsapo ukwati pongokhala chete?

Chachitatu, munandiphunzitsa kudzichepetsa. Ine amene ndinali ndi bwato langa, pano ndimakoka makoka a eni ake ndi imvi zangazi, n'kupatsidwa usipa wa m'manja. Izi zokha zimandiwawa, sindinama.

Tsono bwana, kwagwa zina. Chaka chino nyanja yadzaza, yalowa m'minda, yafika pabwato paja. Ine ndinaiuza lamulo lanu momveka bwino. A Yasini anaiopseza ndi nkhafi. Koma ayi ndithu, inabwerabe n'kulikhudza, anthu akuona! Taona ngati ikunyoza khoti.

Chonde, iitanitseni nyanjayi, muilamule kuti iime pomwepo kufikira chigamulo chanu. Mukatero, tikudziwa kuti nyumba zathu sizidzamiranso mpaka kalekale.

Koma za bwato, bwana, gamulani. Mulipereke kwa ine, kwa asewere anga, ngakhale kwa nkhuku, bola lilowe m'madzi ndikadali ndi mphamvu zopalasa. Mufulumireko pang'ono, chifukwa chiswe chayamba kale kumbuyo kwake, ndipo pa onse okhudzidwa ndi mlanduwu ndi chokhacho chomwe sichinaimitsepo ntchito.

Ine wanu wodikira mosatopa,
Saulosi Kamtedza,
mwini theka la bwato, Mtakataka