Tayala Linandipitirira ku Landover

Ku kalabu yathu ya mipikisano ya magalimoto kuli mzungu wina wamtali amene mpaka lero akandiona amazungulira galimoto yanga, akuloza matayala limodzilimodzi, kenako n'kundikwezera chala chachikulu. Ine ndimaseka nawo, koma mumtima ndimalakalaka nthaka itang'ambika. Ndikuuzani mmene zinayambira, koma musakauze a kutchalitchi kwathu (ngakhale ndikukayika ngati alipo amene sanamve).

Ine ndine namwino, ndimagwira ntchito panyumba ina yosamalirako okalamba ku Silver Spring, kuno ku America. Imvi zitayamba kutuluka, anzanga ankagula malo kumudzi n'kumatumizirana zithunzi za njerwa. Ine ndinagula kagalimoto kofiira ka mipando iwiri, kachikale, kadenga lansalu, kokhala pansi moti potsika umachita kugwira bondo. Mayi a kunyumba atakaona anakazungulira kamodzi.

"Ana akwera pati?"

Ndinati si ka ana.

"Nanga thumba la ufa?"

Ndinati si ka ufa. Anangolowa m'nyumba.

Amene anandikopa kulowa kalabu ya mipikisanoyi ndi a Mwale, a ku Zambia, kwawo ku Chipata koma anakhalitsa ku Lusaka. Amagwira ntchito mu famase (sitolo ya mankhwala) ina ku Wheaton, ndipo nawonso ali ndi kagalimoto konga kanga, koma kobiriwira. Iwo amanditchula kuti "ba neba", poti maiko athu ndi oyandikana. Mpikisano wathu si wa pa TV uja ayi. Timabwereka bwalo loimikapo magalimoto pafupi ndi sitediyamu ku Landover, timandandalika makoni (tizipilala tapulasitiki tija amaika pamsewu akamakonza), n'kupanga kanjira kokhotakhota. Aliyense amathamanga yekha, wotchi ndiyo imaweruza. Mphotho yake ndi kudzitama basi.

Poti kumafulati kwathu salola kukonza galimoto panja, ine ndi a Mwale tinachita lendi galaja kuseri kwa nyumba ina ku Wheaton, chakufupi ndi kankhalango. Magalimoto awiri, makiyi awiri. Kusintha oyilo, kumanga mabuleki, kukweza galimoto pajeke osadziphwanya phazi, zonsezi anandiphunzitsa ndi iwowo. Ndikunena zimenezi kuti mudziwe kukula kwa manyazi anga.

Pampikisano womaliza nyengo yozizira isanayambe, ndinawaposa a Mwale koyamba. Pang'ono pokha, koma ndinawaposa. Anandigwira chanza akumwetulira.

"Mwachita bwino, ba neba. Manje tizaona chaka cha mawa."

Tizaona. Mawu amenewa ndinapita nawo kunyumba, ndinagona nawo, ndinadzuka nawo. Tiona chiyani?

Magalimoto anagona m'galaja nyengo yonse ya chisanu. Kutayamba kufunda ndinapita kukaliza kanga, ndipo kanalira motsokomola ngati nkhalamba za kuntchito kwathu. Nditatsekula boneti ndinapeza waya wina ataduka. Ndinawaonetsa a Mwale. Anangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Vichitika ivi," kenako n'kuyang'ana kumbali. Anayankha msanga kwambiri. Munthu wosalakwa amayamba wadabwa kaye.

Ndinalumikiza wayayo, koma injini inali ikubanikabe. Loweruka lotsatira, ndili ndekha, ndinatsekula kabokosi kamene mumakhala sefa ya mpweya. Abale anga, zimene ndinapezamo! Kampukutu kozungulira bwinobwino, kolukidwa ndi ubweya, ulusi wofiira, tinsanza ndi makoko a mtedza. Kafungo kakenso kachilendo. Tsitsi linandiima.

Mundimvetse. Ine sukulu ndinapita. Matenda ndimadziwa kuti amabwera ndi tizilombo, ndipo ndimaseka anthu amene amati chimfine chawo wawatumizira ndi azakhali. Koma ndinakatola kampukutuko ndi pulayala, osati ndi manja, n'kukajambula, n'kutumiza chithunzi kwa mlongo wanga ku Dedza. Sanachedwe kuimba.

"Achimwene, mwachigwira?"

"Ayi."

"Mwachita bwino. Kiyi wa malowo ali ndi ndani?"

"Ine ndi mnzanga wina wa ku Zambia."

"Amagwira ntchito yanji mnzanuyo?"

"Ya mankhwala."

"Ndiye mukundifunsanso chiyani, achimwene?"

Madzulo ake ndinawafotokozera mayi a kunyumba monong'ona kuti ana asamve. Anasiya kupinda zovala n'kundiyang'ana.

"Abambo, munthu ndi ntchito yake yabwinobwino, awoloke nyanja kudzalodza kagalimoto kameneka? Kamene kamafa kokha popanda wokalodza?"

Ndinawauza kuti za mpikisano sazidziwa.

Kuyambira pamenepo diso langa linali pa a Mwale, ndipo munthu ukayamba kufufuza umboni umachita kukupeza wokha. Tsiku lina ndinawapeza atagwada mbali yanga ya galaja, tochi ili m'manja, akusuzumira kuseri kwa shelefu. Atandiona anadzidzimuka mpaka kugunda mutu. "Nenze kusakila chabe sipanala yanga," anatero. Sipanalayo inali m'thumba lawo lakumbuyo, ndinkaiona ndi maso angawa. Tsiku lina anabwera ndi zitumbuwa zimene akazi awo anakazinga. Ndinati ndili pa kusala kudya (linali Lachiwiri, ndipo pakamwa panga pankanunkha soseji). Iwonso ndinaona kuti tiyi wa m'fulasiki yanga anasiya kumwa. Ndinati eya, chikumbumtima chikuwavuta.

Kenako ndinapeza nzeru. Ndinaba ufa pang'ono kukhitchini n'kuuwaza pansi mozungulira galimoto yanga, kuti aliyense woyandikira asiye mapazi. Nditabwerako ndinapeza pansi posesedwa mbee, mpaka pokolopedwa. A Mwale anali pakhomo la galaja, manja m'thumba.

"Wina anataya unga apa," anatero, akundiyang'ana m'maso.

"Ooh," ndinatero, ndikuwayang'ananso m'maso.

Umboni wonse anaufafaniza.

Tsiku la mpikisano woyamba wa chaka linafika. Mwambo wake ndi wakuti galimoto iliyonse imayamba yayenderedwa, ngati batire ili yomanga, ngati mabuleki akugwira, ngati manati a matayala ali olimba. Oyenderawo timasinthana tokhatokha. Mukuganiza kuti tsiku limenelo anali ndani? A Mwale, atanyamula sipanala yaitali ija imalira kuti "kha" nati ikalimba mokwanira. Anazungulira galimoto yanga, kha, kha, kha, ndipo pa tayala lina anachedwapo, akung'ung'udza kanyimbo. Kenako anamata kapepala pagalasi n'kunena kuti, "Ili bwino, ba neba. Muyende bwino."

Muyende bwino. Ndiyende kupita kuti?

Atangopita pa galimoto ina ndinatulutsa sipanala yanga. Ndinati chilichonse chimene dzanja lawo lakhudza ndichimasula, ndichimangenso ndekha. Ndinamasula manati a matayala onse anayi kaye (musandifunse chifukwa chake sindinachite limodzilimodzi), kenako n'kuyamba kumanga. Lakutsogolo, linzake, lakumbuyo kumanzere. Ndisanafike pa lomaliza, chimkuzamawu chinaitana gulu lathu kuti tikaime m'bwalo kudzutsa makoni amene anzathu akugwetsa. Ntchito imeneyi aliyense amagwira, ndipo wochedwa samulola kuthamanga. Ndinaponya sipanala pansi n'kuthamangira komweko, ndikudziuza kuti ndidzamaliza pobwera.

Pobwera, nthawi yathu yothamanga inali itakwana. Chipewa chachitsulo kumutu, lamba pachifuwa, ndipo maso anga anali pa ntchito imodzi yokha: kufufuza a Mwale. Sankaoneka paliponse. Ndinati abisala kuti aonerere bwino.

Mbendera itatsika ndinanyamuka ngati munthu. Kona yoyamba, bwinobwino. Yachiwiri, ndinamva kumbuyo kuti gudu, gudu, gudu. Woyendetsa wanzeru akamva zimenezi amaima. Ine ndinati, "Ayamba," ndipo m'malo moponda buleki ndinayamba kudzudzula mizimu yoipa mokweza, phazi lili pa moto. Pa kona yaikulu yokhotera kumanzere, galimoto inangokhala pansi mbali imodzi ngati ng'ombe yotopa, chitsulo chikukhwekhwereza phula, moto uli thethethe. Ndili mkati mozungulira choncho, ndinaona chinthu chakuda chikundipitirira kudzanja lamanja.

Linali tayala langa.

Ndisaname, linkathamanga bwino kuposa ine. Linadutsa pakati pa makoni osagunda ngakhale imodzi, anthu akubalalika uku ndi uku, mayi wina atanyamula mpando wake pamutu. Linadumpha kamodzi, kawiri, n'kulunjika kumapeto kwa bwalo kumene kunali chimbudzi chapulasitiki chija amachita kubwera nacho pa lole. Linachimenya kuti phuu! Chimbudzicho chinapendama, chinaganiza kaye, n'kukatsamira mpanda.

Ndinatuluka m'galimoto, ndipo apa ndi pamene ndikanatseka pakamwa. Koma ndinavula chipewa n'kukuwa, m'Chingerezi kuti aliyense amve, kenako m'Chichewa kuti mwiniwake amve bwino:

"Mwale ali kuti? Wandimasulira tayala! Akufuna kundipha munthu ameneyu! Atuluke!"

Ndipo anatulukadi. Chitseko cha chimbudzi chopendama chija chinatsekuka, a Mwale n'kutulukamo chokwawa, dzanja limodzi litagwira thalauza, nsapato ndi masokosi zili bii ndi madzi abuluu a m'menemo. Anayang'ana tayala, anayang'ana ine.

Mayi amene amatsogolera kalabu yathu anafika akuthamanga, n'kufunsa ngati pali wovulala, kenako n'kundifunsa kuti ndibwereze zimene ndanena. Ndisanatsekule pakamwa, mzungu wamtali uja, amene anaimika galimoto yake pafupi ndi yanga m'mawa, anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu. Anati pepani, koma iye anandiona ndikumasula manati a Mwale atachoka, ndipo ankadabwa kuti kapena ndi mmene timachitira kwathu. Anawonjeza kuti sipanala yanga ikadali pomwe ndinaisiya, ngati ndikuifuna.

Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira tayala lachinayi. Thukuta limene linatuluka silinali la dzuwa. Tayala lija likanapatuka pang'ono likanapeza munthu, osati pulasitiki, ndipo nkhani ino sindikanailemba moseka.

Mayi wotsogolera kalabu uja sanakalipe. Anangondiuza mwaulemu kuti chaka chimenecho sindithamanganso, koma ngati ndikufuna kudzutsa makoni, ndine wolandiridwa.

Galimoto inabwerera ku Wheaton itakwera lole. Ndinkaganiza kuti a Mwale sindidzawaonanso, koma ndikutsitsa, ndinawaona akulowa, atavala patapata, nsapato zili m'jumbo. Anatseka chitseko cha galaja n'kukhala pa ndowa.

"Ba neba, niuzeni chabe. N'nakuchitani chani ine?"

Ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi cha kampukutu kaja. Ndinati ndinakapeza mu injini, ndipo kiyi tili naye awiri.

Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaimirira, anapita pa shelefu yawo, n'kutsitsa chitini chotsekedwa ndi tepi. Pamwamba pake anali atajambulapo mtanda. Atatsekula, munali kampukutu kofanana ndendende ndi kanga: ubweya, ulusi wofiira, makoko a mtedza.

"N'napeza mu motoka yanga," anatero motsitsa mawu. "Nenze kuganiza ndimwe."

Iwonso anali atatumiza chithunzi kwawo, kwa azakhali awo ku Chipata, ndipo azakhaliwo anangofunsa funso limodzi: mnzakoyo ndi wa kuti? Atamva kuti ndi wa ku Malawi, anati nkhani yatha. Tsiku limene ndinawapeza ndi tochi ankafufuza zimene ndakwirira. Ufa uja anauona ngati ndatchera, ndipo anausesa akuimba nyimbo ya m'buku, atavala magolovesi a ku famase.

A Mwale anakhalanso pa ndowa paja, tonse tikuyang'ana chitinicho. Tili choncho, kuseri kwa matayala akale kunamveka tswatswa. Kanatuluka kambewa konenepa bwino, kansanza kofiira kali kukamwa, kanadutsa pakati pathu mosafulumira, n'kukwera m'galimoto ya a Mwale ngati kalipira lendi.

Tangoganizani. Mwana wa ku Dedza ndi mwana wa ku Chipata, anthu amene tinakula tikukumba mbewa m'minda, kuzidziwa mpaka mitundu yake ndi kakomedwe kake, tinalephera kuzindikira chisa cha mbewa chifukwa chinali m'galimoto ku America. A Mwale anayamba kuseka mpaka kutsetsereka pa ndowa paja. Ine kuseka kunabwera mochedwa.

Lamlungu lake ndinapita kwawo kukapepesa, nditanyamula nsapato zatsopano, mayi a kunyumba ali pambuyo ngati mboni. Ndinapepesa pamaso pa akazi awo, ndipo sabata yotsatira ndinakapepesanso pamaso pa kalabu yonse. A Mwale anandikhululukira. Azimayi awiriwo anatsekerana kukhitchini, ndipo zimene tinkamva ife pabalaza ndi kuwomba m'manja ndi kutsokomola kwa anthu amene kuseka kwawapweteka nthiti.

Chilimwe chonse ndinakhala padzuwa ku Landover ndikudzutsa makoni, a Mwale akundidutsa ndi kobiriwira kawo n'kumandiimbira hutala. Ndinaphunzira kuti munthu usamafulumire kuganizira mnzako zoipa, ndipo ukamasula nati, imange usanayang'ane kwina. M'galaja tinatchera misampha, ina mbali yawo, ina mbali yanga, nyambo yofanana, yogula limodzi.

Kungoti mbewa zonse zimene zagwidwa mpaka lero, zagwidwa mbali yanga. Yawo ilibe ngakhale imodzi. Sindikunena kanthu ine. Ndangoti mudziwe.