Mmene Kalilole Wanga Anafunsirira Apongozi Anga

Ndiyambe ndi kunena izi, ndipo sindisintha: makina aja sanalakwe. Amene mukufuna kuseka sekani, mano ndi anu, koma sensa ija inagwira ntchito yake bwinobwino.

Ine ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina kuno ku Chulu. Mkazi wanga, make Chisomo, kwawo ndi ku Simlemba, ndipo chikwatiranireni iye amakhala komweko kwa mayi ake, ine n'kumapita mwa apo ndi apo ngati mlendo pa banja langa lomwe. Zinanditopetsa. Ndinapempha chitengwa, kuti mkazi ndi mwana adzakhale nane kuno kunyumba ya sukulu. Akuchikazi sanakane, sanavomerenso. Anati apongozi abwera kaye ndi alongo awo, a Banda, omwenso ndi ankhoswe athu, adzaone ngati kumene mwana wawo akupitako kuli munthu wolongosoka.

Munthu wina akanangosesa pabwalo n'kugula nkhuku. Ine ndinati ayi, mkazi wanga ndimulandire ndi chinthu choti ku Simlemba konse sanachionepo. Ndinali nditaona pa foni anthu akupanga kalilole wanzeru: ukamuyandikira amayaka n'kukusonyeza nthawi ndi zanyengo, ukachoka amazima n'kukhala kalilole wamba. Ndinachotsa sikirini pa laputopu yakufa, kutsogolo kwake ndinaikako galasi lomata tinti ya galimoto, kumbuyo kakompyuta kakang'ono, ndipo felemu ndinakhoma ndi mikangala yoyanikira fodya imene anandigawira tenanti wina wa pa esiteti yoyandikana nafe. Kenako sensa. Kanthuko n'koyera, kooneka ngati theka la dzira, ndipo kamamva kutentha kwa thupi likamayenda. Chikagwedezeka chamoyo, kamayatsa.

Woyamba kudziyang'anira anali thadzi la aneba. Sensa ndinaiika m'munsi kwambiri, ndiye thadzi lija likangolowa m'nyumba, kalilole ankayaka n'kuliuza kuti mawa kulibe mvula. Ndinaikweza. Kenako magetsi athu mukuwadziwa, amabwera ngati akuchita kupemphedwa, ndiye ndinamata pawabanki kumbuyo kwa felemu kuti ngakhale azime, kalilole wanga asagone. Pamenepo ndinadziwombera m'manja ndekha. Pawabanki imeneyi muikumbukire.

Ndiyeno ndinayamba kuganiza kuti nthawi ndi zanyengo zokha n'zouma. Mwana wa mlimi wa fodya ungamuuze chiyani za mvula? Amangoyang'ana kumwamba. Ndinaikamo chithunzi changa, nditavala vesiti, diso limodzi nditatsinzina. Sizinandikwanire. Ndinalumikiza kasipika n'kujambula mawu anga, aja a pansipansi amene mwamuna amalankhulira mkazi wake yekha, ndipo ndinajambula angapo kuti azisinthasintha.

Make Chisomo anatsogola kudzakonza m'nyumba. Atayima pa kalilole uja anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anapukuta misozi n'kunena kuti, "Bambo a Chisomo, ichi muchichotse amayi asanafike."

"Chalakwa chiyani? Adziwe kuti mkamwini wawo ndi wophunzira."

"Muchichotse."

Ndinachotsa, koma mong'ung'udza. Ndinakachikoleka ku kachipinda kosungira mabuku ndi matumba a chimanga, kumene mlendo sangafikeko, n'kuzula pulagi kukhoma. Mtima unakhala pansi.

Loweruka m'mawa alendo anafika pa kabaza, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Muyenera kudziwa kuti ine ndi apongozi anga timapatsana ulemu wachikale. Chikwatirire sindinawayang'anepo m'maso. Tikakumana panjira iwo amapatukira kuudzu, ine ndimanjuta tsidya lino, moni n'kupatsana aliyense atayang'ana kwake. Ndiye make Chisomo anawatenthetsera madzi, anasamba, ndipo poti kuchipinda kwa mkamwini sangalowe, anawalozera kovalira. Kuti? Ku kachipinda ka mabuku. Iye n'kuthamanga kukagula mafuta ophikira ku golosale.

Ine ndinali pakhonde ndi a Banda, manja pa mawondo, tikukamba za fodya amene anali m'zigafa. Ndinali ndikuyankha bwino zedi, ngati munthu woti angapatsidwe mwana wa eni. Mwadzidzidzi m'nyumba munamveka mawu, omveka bwino chifukwa sipika ndinasankha yabwino.

"Iwe wokongola iwe, tatembenuka ndikuone bwino."

A Banda anasiya kulankhula. Anayang'ana pakamwa panga, pamene panali potseka, kenako anayang'ana chitseko.

"Aphunzitsi, mwalankhula?"

"Ayi, amalume."

"Muli ndi mng'ono wanu m'nyumbamu?"

Ndisanayankhe tinamva mawu a apongozi, otsika, aulemu, a munthu amene wagwada n'kuyang'ana kukhoma. "Ndili bwino bambo, kaya inu."

Abale anga, thukuta linatuluka malo amene sindinkadziwa kuti amatuluka thukuta. Pulagi ndinazula, inde, koma pawabanki ija? Inali kumbuyo kwa felemu, yodzaza, ikugwira ntchito imene ndinaituma.

M'nyumba munati zii. Apongozi anali atauma pamalo amodzi, ndiye sensa inaona kuti palibe chikuyenda n'kuzimitsa sikirini. Iwo poona kuti mkamwini wachoka pa windo lachilendolo, anatambasula dzanja kuti atole bulauzi. Nkhope yanga inabwerera, vesiti yomweyo, diso lomwelo.

"Wabweranso? Wandisowa eti?"

A Banda anaimirira. Ine ndinaimiriranso. Koma tipite kuti? Ine sindingalowe mmene apongozi akuvala. A Banda sangalowe mmene mlongo wawo akuvala. Amuna awiri akuluakulu tinangoti njo pakhonde. Ndinathamangira ku bokosi la magetsi n'kuzimitsa nyumba yonse, chimene chinangozimitsa wailesi ya pabalaza, kuti mawu anga azimveka bwino kwambiri.

Ndinazungulira kuseri, ndinanjuta pansi pa windo la kachipindako nditafulatira, n'kunena kuti, "Amayi, pepani, musagwedezeke. Mukakhala chete chizima chokha."

Apongozi anati, "Bambo, ndiziyankha uti? Wa panjayo kapena wa m'galasiyu?"

"Wa panja, amayi. Winayo musamumvere."

"Akundiyang'anatu."

"Sakuona, amayi, amangomva kutentha kwa thupi."

Ndinazindikira mawuwo atatuluka kale kuti sanathandize. Apongozi ayenera kuti anakoka chitenje kuti afunde bwino, chifukwa wa m'galasi uja anayambanso, ndipo ulendo uno anasankha mawu amene ndinkawanyadira kwambiri.

"Dukulo tavula, tsitsi lako limandipha."

Make Chisomo anatulukira ndi botolo la mafuta m'manja, n'kumva mawu omalizawo. Analowa, tinangomva kuthothoka kwa mawaya, ine wa m'galasi n'kufera pakati pa chiganizo.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Apongozi anakhala patali pa mphasa, atapereka msana. Ine mumtima ndinali nditatsanzika kale: mkazi abwerera ku Simlemba, Chisomo akula akundiona ngati amalume obwera ndi masikono. Zinandiwawa, osanama. Koma a Banda atati ndifotokoze, ndinapepesa chifukwa cha mawuwo, makina sindinawapepesere. Ndinati kalilole uja sanasankhe munthu, anamva thupi likuyenda n'kuyaka, basi, ndipo ngati pali chitsiru pankhaniyi ndi amene anajambula mawu, osati sensa. Make Chisomo anandiponda chala. Ine ndinapitiriza.

A Banda anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa, "Ndiye chimamva munthu ngakhale kuli mdima?"

"Chimamva."

"Ngakhale wokwawa?"

"Bola akhale wamoyo."

"Magetsi atazima?"

"Mwadzionera nokha, amalume."

Anapita pa mphasa paja, ananong'onezana ndi mlongo wawo kwa kanthawi, n'kubwerera. Anati chitengwa avomera, chifukwa mwamuna wolankhula choncho kwa mkazi wake ndiye kuti amamukonda, ngakhale alibe nzeru. Koma galasilo m'nyumba muno lichoke, mwana asakule ndi abambo awiri. Lipita ku Simlemba. Akuba akhala akusolola fodya m'chigafa cha apongozi, ndiye likakolekedwe kumeneko.

Ndinaona mpata wobwezeretsa ulemu wanga. Ndinati ndilumikiza mawaya lero lomwe, chithunzi ndichotsa, ndipo ndijambula mawu atsopano, okuwa kuti wakuba, wakuba.

Apongozi anayankha okha, osatembenuka. "Yayi bambo, musasinthe kalikonse. Wakuba akamukuwira amathawa, mawa n'kubweranso. Koma mwamuna wa vesiti akamuuza kuti tatembenuka ndikuone bwino, ameneyo sadzapondanso pakhomo panga. Ine ndaona zambiri, koma sindinaopepo chotere."

Lero make Chisomo ndi mwana ali kuno, ndipo fodya wa apongozi anafika ku okushoni osasowa tsamba. Ku Simlemba dzina langa lenileni anaiwala. Ndikangotsika kabaza, amayi a pamjigo amagwirana mapewa n'kumati a Tatembenuka afika, ndipo ine ndimawaweyulira dzanja, chifukwa mwa akamwini onse a m'mudzimo ndani wina amalondera chigafa ali ku Chulu? Kalilole wina ndipanganso, ameneyo musakayike. Koma kuika pakamwa panga mu chinthu chokhala ndi pawabanki, ngakhale mutandigwira pakhosi, sindidzayerekezanso.