Ppalli ya a Zakeyu

Sunthirani kuno ana inu, nkhaniyi ndikaikumbuka mtima umandiwawabe. Mwambi uwu unayamba motere.

Mlamu wanga, a Zakeyu, adagwirako ganyu kwa Akoreya omanga mlatho. Pa chilankhulo chonse cha eniakewo adatolako liwu limodzi lokha: ppalli. Kapitawo wawo, a Choyi, adawauza bwinobwino kuti limatanthauza msanga, ndipo lidachokera ku liwu lawo lonena za liwiro. Koma a Choyiwo ankayamba ayeza malo mwezi wathunthu, kenako n'kumakuwa ppalli. A Zakeyu zoyezazo adazisiya pamlatho pompo, kumudzi adabwera ndi kukuwa kokha.

Tsono mwana wanga Lemekani adathawitsa Esinati, mwana wa a Kachingwe a kutsidya. A Kachingwe adatumiza mawu: “Mubwere ndi Esinati pamodzi ndi tonde wopepesera Loweruka dzuwa lisanafike pamutu. Mukalephera, mwana wanga atsala kuno.” Ankhoswe athu anali a Zakeyu omwewo. Kalanga ine!

Tonde ndidagula ine, wandevu mpaka apa, n'kukamusungitsa m'khola mwa a Zakeyu. Loweruka m'mawa ng'ombe zisanamangidwe n'komwe pangolo, iwo ali, “Ppalli! Ppalli! Anzathu amamanga mlatho inu mukadatsuka kumaso!”

Akazi awo, a Nangozo, adayesa kulankhula. “Bambo, nanga uja…”

“Ppalli, mayi! Nkhani tikambira m'njira!”

Ine ndidati, “Alamu, taimani tione ngati zonse zakwera.”

“Alamu, Chikoreya simuchimva inu. Kwerani!”

Tidakwera ngati matumba a chimanga, Esinati pakati. Ng'ombe zidathamangitsidwa mpaka thovu kukamwa. Tidafika kwa a Kachingwe mame asanaume, eniake akusesa pabwalo. A Zakeyu adatsika chifuwa patsogolo.

“Mwaona, a Kachingwe? Ife timasunga nthawi ngati Akoreya.”

“Zikomo,” adatero a Kachingwe. “Nanga mlendo wathu wandevu uja ali kuti?”

A Zakeyu adasuzumira m'ngolo. Munali chingwe chokha, chopindidwa bwinobwino.

“Ndi zimene ndimafuna kunena zija,” adatero a Nangozo.

Kuti tibwerere, ng'ombe zidagona pansi, kukaniratu kudzuka. A Zakeyu adazikuwira ppalli m'khutu, koma zidangowayang'ana. Adauyamba wapansi, koma pobwera akukoka tonde, dzuwa linali litapendeka kale.

A Kachingwe adagwira mwana wawo padzanja. “Mbuzi mwaiiwala lero. Mawa mudzaiwala mwana wanga pachitsime. Esinati, lowa m'nyumba.”

Adalowa akulira, ndipo kwathu sadabwerenso. Lemekani adatha chaka osalankhula ndi a Zakeyu. Ine zaka ziwiri, ndipo sindikupepesa! Liwu la eniake linalibe mlandu, mlandu unali wa wolinyamula theka.

N'chifukwa chake timati, Ndifulumire adasiya tonde m'khola. Mukawauzeko anzanu nkhaniyi, chonde, koma muifotokoze mosathamanga.