Tianyezi ta Aprofesolo Tinafa ndi Chisoni Changa

"Sukulu yonse ija mpaka desima inakuthera m'mapazi eti?" anakalipa amayi, atandiloza ndi mthiko ngati mfuti. "Anyezi wanga wa ndiwo ali kuti?"

Ndikanawauza bwanji kuti anyezi wawo wapita kuphiri kukalandira alendo?

Zinayamba chonchi. Aprofesolo amene ankatiphunzitsa za zomera ku Ulongwe anapeza tianyezi takutchire titatu pakaphiri kouma kuseri kwa Lifidzi, komwe ngakhale buluzi amayenda ndi botolo la madzi. Akuti n'tosowa zedi, ndipo Loweruka kudzabwera anzawo a ku Tete kudzationa.

"Iwe sukulu unamaliza, ulibe chochita," anatero. "Uzingoingitsa mbuzi. Osatikhudza!"

Koma abale, ine ndine mwana wa kudimba. Kwathu chomera chikawonda timachithirira mpaka chipepese. Nditaona timasamba take ngati ndevu za mphaka, chisoni chinandigwira. Ndinazula tonse titatu n'kukatibzala m'dimba mwathu, pamatope penipeni. Manyowa a nkhumba dengu lathunthu. Madzi m'mawa, masana, madzulo (mtsinje unaphwa ndithu, achule anasamuka).

Pofika Lachinayi tinali titasanduka phala. Fungo lake linagwetsa khwangwala m'mwamba, ndikulumbira.

Ndiye Loweruka ndinatapa anyezi atatu m'lichero la amayi, onenepa ngati chibakera, n'kukawakwirira paphiri paja. Poti analibe masamba, ndinazikapo udzu (nzeru ndili nazo, vuto ndi nthawi yomwe zimafika).

Alendo anafika ndi makamera, wina mpaka kugwada. Aprofesolo anagwira udzu uja, unangoti zuu m'manja mwawo. Atafukula, anatulutsa anyezi wodulidwa pakati. Theka linalo tinali titadyera m'nyemba dzulo lake.

"Mwana wanga, uyu watani?"

"Wachira, aprofesolo. Wanenepa."

"Nanga theka lake?"

"Mbuzi."

"Mbuzi ya mpeni?"

Sanandimenye. Anangokhala pamwala, n'kuvula magalasi, n'kumayang'ana timaenje titatu tija. Kunena zoona, zimenezo zinawawa kuposa mthiko womwe unkandidikira kunyumba.

Mpaka pano ndimakwera kaphiri kaja kusaka kanyezi kachinayi. Ndikakapeza sindikapatsa ngakhale dontho (mwina kapu imodzi yokha, kukatentha).

Nditaika nkhaniyi pagulu la anzanga pafoni, Mateyu anayankha pompo: "Epa, ukakapeza ungotembenuka n'kuthawa. Ndipo ukapepese mbuzi zija. Zaka zonsezi tianyezito timakhala bwinobwino ndi mbuzi, tangokumana ndi iwe masiku anayi basi, maliro."