Dzenje la mkamwa mwa a Chigamba

Malemu a Chigamba, omata machubu a njinga pakhonde la sitolo ya nsalu, sankatha kuona bowo nkulisiya. Likhale pa chubu, pa chidebe, ngakhale pa ambulera ya munthu wongodzidutsira, iwo ankapala, nkupukuta, nkuuzira, kenako nkumata. "Chigamba sichigwira pa litsiro," ankatero, mwina kakhumi pa tsiku.

Wozimva kakhumi konseko anali atelala, amene makina awo anali kumapeto kwa khonde lomwelo. Akazi awo atamwalira, ana nkubalalika, munthu yekhayo wowalankhulitsa anatsala a Chigamba, ngakhale kulankhulako kunali kunyozana kokhakokha.

"Bulukuli mwasokera munthu kapena tebulo?"

"Inu sungani mpweyawo, achimwene. Machubu akuudikira."

Ndiye tsiku lina dzino la kumapeto linawagwira a Chigamba. Atelala anawaperekeza kuchipatala, akukokakoka ngati mbuzi yokana chingwe. Dokotala atalizula anawalangiza bwinobwino kuti magazi amene aundane pabalapo ndiwo chivundikiro cha fupa, asawakhudze. Osalavula, osachukucha, osasuta. A Chigamba anavomera ndi mutu, thonje lili mkamwa.

Mawa lake atelala anawapeza atayasama kukagalasi ka njinga, m'manja muli sipoko yokulunga kansanza kunsonga.

"Mukutani kodi?"

"Madokotala a masiku ano ntchito sadziwa. Wasiya litsiro m'dzenje, ndiye limatika bwanji?"

Anapala, anapukuta, anachukucha mpaka mbee. Ena amati anauziranso ndi pampu, koma atelala amakana, amati pampuyo analanda ndi iwo.

Pofika tsiku lachitatu ululu unali utachoka m'chibwano nkukamanga msasa kukhutu. Fungo la mkamwa nalo, makasitomala ankapereka njinga ataima patali. A Chigamba anasuzumiranso pagalasi, naona kanthu koyera pansi pa dzenjelo.

"Likumera lina," anatero, misozi ikulengeza.

"Pa msinkhu wanuwo? Ndi fupa limenelo, mwavundukula nokha."

Kubwerera kuchipatala anakana kwamtuwagalu, manyazi. Anangokhala pabenchi atagwira tsaya, masiku anayi opanda mawu. Atelala, amene zaka zonsezi ankapempha Mulungu kuti pakhondepo pakhaleko bata, anasokera thumba la malaya chadodolido, nkusosola, nkusokanso chadodolido. Mantha anawagwira ndithu. Anavindikira makina, anawakweza anzawo pakaliyala ya njinga ya kasitomala, nkumakankha msewu wonse.

Dokotala anangopukusa mutu. Anatsuka balalo, naikamo mankhwala, ululu nkuzizira. Ali pakhomo potuluka, a Chigamba anawagunda atelala ndi chigongono.

"Mwaonatu? Nayenso wayamba watsuka."

Bala linapola, ndipo a Chigamba anakhala zaka zina zinayi akuuza aliyense kuti dokotalayo anamuphunzitsa ntchito ndi iwo. Chinawatenga si dzino ayi. Anangotsamira chipupa masana ena, chubu chili pamwendo, osadzukanso.

Pamalo pawo lero pali mulu wa makatoni a m'sitolo. Njinga zimadutsa osaima. Atelala amatsegula m'mawa, amasoka, amatseka, ndipo tsiku limatha atangoyankha moni wa anthu awiri kapena atatu. Mabuluku awo palibenso wowanyoza, ndipo zimawapweteka kwambiri.

Mwezi wathawu nawonso dzino linawavuta. Anapita okha, anakhala pamzere okha. Litazulidwa, nesi anawafunsa akukonza thonje:

"Wokuperekezani ali panja, agogo?"

"Ndabwera ndekha."

"Chabwino. Lumani apa, ndipo lero musalankhule kwambiri kuti bala ligwirane."

Atelala anavala chipewa chawo pang'onopang'ono, nayankhira mbali imodzi ya kamwa.

"Musade nkhawa, mwanangu. Ndikalankhula ndi yani?"