Tsabola Kuchipongozi

Pa siteji sindinachitepo manyazi, pa TV ndiye musanene. Koma zimene zinandionekera kwa Chimbiya, mpaka lero ndikazikumbuka thukuta limatuluka, ngakhale kuzizire chotani.

Nthawi imeneyo ndinkasewera Tsabola pa wailesi, chidakwa chozunza mkazi wake Nasibeko. Ndinkaikwanitsa mbali imeneyi, zosachita kufunsa. Anthu ankaweruka msanga kudimba kuti akandimve.

Ndiye ndinapita ndi amalume kukafunsira mbeta, Tereza wanga. Mu minibasi anandichenjeza: "Kumeneko pakamwa utseke. Oyankhula ndi ankhoswe."

Tinakhala pakhonde. Amayi a Tereza, mwa mwambo, sanatuluke, ankamvetsera kuseri kwa chitseko. Zonse zinkayenda bwino mpaka ankhoswe a kuchikazi atandifunsa za ntchito. Ndinangoti, "Timayesetsa, bambo."

"Mawu amenewo ndikuwadziwa!" anatero amayi m'nyumbamo.

Apongozi ndi fani wanga, amandimvera pa wailesi! Malangizo onse ndinaiwala. Ndinakonza kukhosi, n'kuwapatsa Tsabola weniweni: "Nasibeko! Ndiwo zili kuti, chitsiru iwe?"

Chitseko chinatseguka, mwambo unathera pomwepo. Anatuluka korona ili m'manja.

"Ndi yemweyu! Anagulitsa mbuzi za mkazi wake sabata yathayi!"

"Amayi, ndi sewero chabe."

"Sewero? Nasibeko analira ine ndikumva! Ndiye Tereza wanga akakhale wachiwiri? Ife ndife Akatolika!"

Amalume ankangoyang'ana nsapato zawo. Tinabwerera osalawa ndi madzi omwe, ine mantha ali tho kuti Tereza ndamutaya.

Tereza anawafotokozera amayi ake mpaka anamvetsa kuti wosewera Nasibeko ndi mayi wina wa ku Lilongwe, wapabanja pake. Komabe anati, "Munthu sangakalipe mokoma choncho asanazolowere. Asinthe kaye, ndimve ndekha."

Ndinakagwada kwa wolemba seweroli. Posakhalitsa Tsabola anasiya kachasu, anabweza mbuzi, analowa kwaya. Omvera anadandaula, koma apongozi analola ukwati.

Tsiku la ukwati ndinawagwadira chapatali, ndikudikira madalitso. Anandiyang'ana n'kupukusa mutu.

"Koma inu akamwini, sewero lija mwaliononga. Tsabola wakale uja ndiye ankakoma! Pano ndinasiya kumvera."

Luso ndi labwino, abale, koma popita kuchipongozi muzilisiya mu minibasi.