Nyozani ndi Tsiku la Miyendo

Mwambi uwu, ana inu, unayamba motere, ndipo wokuuzani kuti unachokera kuthengo akukunamizani.

M'tauni muno munali majimu awiri, malo onyamulirako zitsulo. Onse anali timashedi topanda mawindo, mdima ndi fungo la thukuta basi, choncho anthu ankangowatcha mapanga. Phanga la kumsika linali la a Kambalame, la pamwamba pa chitunda linali la mayi Nangondo. Zonyamula zake zinali simenti youmira m'zitini za penti, koma kulemera kunalipo.

Ndiye panali Nyozani, lova, mkazi wake ali woyembekezera. Anamva kuti mwini holo ya madansi akufuna baunsa, munthu wamphamvu woima pakhomo, ndipo adzalemba yekhayo amene kochi wake wamuikira umboni. Nyozani anayamba kwa a Kambalame ndi moto. Za manja ndi chifuwa ankazikonda zedi, makamaka akaima pafupi ndi galasi. Chomuwawa chinali tsiku la miyendo, loti unyonyomale ndi chitsulo paphewa, udzuke, unyonyomalenso, mpaka mawa lake kuchimbudzi uzipita ukupemphera.

Nzeru zinamubwerera. Anakalembetsanso kwa mayi Nangondo. Kumsika likakhala tsiku la miyendo, iye ali kuchitunda kupopa chifuwa. Kuchitunda likafika, ali kumsika. Chitunda chomwecho ankakwera pa kabaza wa njinga yamoto, kuopa kuvutitsa miyendo.

"Dzulo sunaoneke," ankatero a Kambalame.

"Kunali maliro, akochi."

"Amalume ako omwe aja?"

"Ayi, ena."

Kwa mayi Nangondo ankadwala malungo. Malungo aulemu, odziwa kalendala, obwera Lachinayi lokhalokha. Kunena zoona, malungo enieni anamugwiradi nthawi ina, maliro enieninso anagwa, koma apo n'kuti mabodza atamaliza kale chisoni cha anthu.

Thupi silinama. Chifuwa chinafufuma mpaka mabatani kuthothoka, koma miyendo inatsala ngati ya kakowa. Iye anangogula thalauzi yaikulu, n'kuyesa kuti nkhani yatha. Chimene sankadziwa n'choti makochi awiriwa ankaimba kwaya imodzi kutchalitchi, ndipo akamaliza nyimbo ankakamba za ophunzira awo.

Tsiku losankha linafika kumwamba kutada bii. Mwini holo anati ayambira kumsika, kenaka akwera kuchitunda. Nyozani anagogoda kwa a Kambalame mvula itayamba kudontha.

"Akochi, nditsegulireni, mundiikire umboni."

A Kambalame anasuzumira. "Iwe si wa mayi Nangondo kodi? Ine munthu wanga ndimamudziwira pa tsiku la miyendo. Pita kwanu."

Chitseko chinatsekedwa, mvula n'kukhuthuka. Akabaza onse anali atathawira m'makonde. Panalibe kuchitira mwina, Nyozani anauyamba wapansi, kuthamangira kuchitunda. Pakati pa chitunda miyendo inayamba kunjenjemera. Inali ndi chifukwa: katundu yense uja anamuunjika pamwamba osaifunsa. Anaterereka, chifuwa chonse thapsa m'matope. Podzuka, thalauzi yonyowa inali itamatirira, chinsinsi chonse cha timiyendo tija poyera. Amayi ogulitsa tomato anaseka mpaka kugwirana mapewa, ndipo galimoto ya mwini holo inamudutsa pomwepo, n'kumuwaza madzi.

Anafika pamwamba chokwawa. Mayi Nangondo anali pakhomo, manja m'chiuno.

"Mayi, ndine mwana wanu," anatero Nyozani ali wefuwefu.

"Mwana wanga? Lachinayi ine ndilibe mwana wa nkhope imeneyi." Anayang'ana miyendo ija, n'kupukusa mutu. "Bwerera kwa a Kambalame, asakuyambenso malungo."

Ntchito anaitenga wina, wa phanga limodzi ndi miyendo yake iwiri.

Nyozani anatsika n'kukhala pamwala pakati pa njira, madzi ali chuchuchu. Mkazi wake anamupeza pomwepo, atafunda chitenje kumutu, dzanja lina atagwira msana. Ine chisoni changa chinali pa mayiyo, chifukwa mwana anali m'njira ndipo pakhomo panalibe kanthu. Sanakalipe. Anayang'ana kumsika, anayang'ana kuchitunda, kenaka mwamuna wake.

"Bambo, anzanu a denga limodzi ali ouma. Inu a madenga awiri, taonani."

Anthu a m'makonde anamva, ndipo pofika madzulo mawu aja anali atazungulira msika wonse. Ndiye inu amene mukuti mawa muli ndi maliro chifukwa ndi tsiku la miyendo, mukumbuke Nyozani: mapanga awiri avumbwitsa.